Ndege ya mapiko kapena helikopita? Njira yopezera laisensi kwa mwana wa ku Dedza

Laisensi ya ndege ya mapiko siyikulolani kuulutsa helikopita, ndipo ya helikopita siyikulolani kuulutsa ngakhale kandege ka mipando iwiri. Apa ndi pomwe anthu amasokonekera. Mwana wakhoza bwino MSCE pa Dedza Secondary kapena pa Umbwi, akuti akufuna kukhala payiloti. Amalume ndi azakhali akhala pansi, awerengera za mbatata, za ng'ombe ndi za m'bale ali ku Joni, koma palibe wafunsa kuti payiloti wake wa chiyani. Njira ziwirizi zimasiyana maphunziro, mtengo, mayeso ndi okulembani ntchito, ndipo wosankha mochedwa amalipira kawiri.

Malamulo ake amachokera ku ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse lapansi, lomwe likulu lake lili ku Montreal. Linabadwa ndi mgwirizano wa ku Chicago wa 1944, ndipo Malawi ndi membala. Za laisensi zili m'gawo lotchedwa Annex 1. Maola a ICAO omwe nditchule m'munsimu ndi poyambira chabe. Dziko lililonse lili ndi ufulu wowonjezera, ndipo ambiri amawonjezeradi.

Poyamba, sankhani ntchito

Musayambe ndi kufunafuna sukulu. Yambani ndi kudzifunsa kuti zaka khumi zikubwerazi mukufuna kudzakhala mukuchita chiyani m'mwambamo.

Ndege ya mapiko ndi ya maulendo: kunyamula anthu ndi katundu kuchoka bwalo lina kupita bwalo lina. Kuno kwathu ndi Malawi Airlines, yomwe inayamba kuuluka mu 2014 mothandizana ndi Ethiopian Airlines, ndipo imagwiritsa ntchito Boeing 737 ndi Q400. Palinso tindege ting'onoting'ono tonyamula alendo kupita ku Likoma ndi ku Nyika. Kunja kwa dziko lino makampani a ndege ndi ochuluka, ndiye makomo ogogoda ndi ambiri.

Helikopita ndi ya malo komwe kulibe bwalo. Namondwe wa Freddy atadula misewu ndi milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023, chakudya chinafika m'midzi ina pa helikopita. Pomwe a African Parks ankasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, mankhwala ogonetsa njovuzo ankabayidwa kuchokera pa helikopita youluka munsimunsi. Ndi ntchito yokoma, yofuna dzanja lodekha, koma malo ake m'Malawi muno ndi owerengeka.

Maganizo anga ndi awa: ngati ndalama zikuchokera m'thumba la banja, tengani ndege ya mapiko. Helikopita itengeni ngati pali wokulipirirani, kapena mwalowa usilikali ndipo a Malawi Defence Force akusankhani, kapena mtima wanu wakaniratu zina zonse ndipo mwavomera kuti ntchito mukayisaka kunja.

Kachiwiri, kaonaneni ndi dokotala musanalipire kalikonse

Ichi ndimachinena mobwereza chifukwa chimapulumutsa chuma cha banja. Payiloti aliyense amayezedwa ndi dokotala wovomerezedwa ndi bungwe loona za ndege, osati dokotala wina aliyense wa pachipatala cha boma. Wouluka mongodzisangalatsa amafuna chiphaso cha Class 2. Wofuna kulembedwa ntchito amafuna Class 1, chomwe ndi chokhwima kwambiri. Ziphasozi ndi zofanana kwa wa ndege ndi wa helikopita.

Sukulu ingakuuzeni kuti poyambira Class 2 ndi yokwana. Ndi zoona, koma inu pemphani Class 1 lero lomwe. N'zowawa kugulitsa ng'ombe zonse, kuuluka maola 100, kenako n'kuuzidwa kuti mtima kapena maso anu sakulolani kugwira ntchitoyi.

Amayeza maso, makutu, mtima, kuthamanga kwa magazi ndi mkodzo, n'kufunsanso mbiri ya matenda anu. Kuvala magalasi si mlandu, bola ndi magalasiwo muziona bwino. Chomwe chimagwetsa ena mosayembekezera ndi kusiyanitsa mitundu: pali anthu, makamaka amuna, omwe anabadwa osasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, ndipo amakula osadziwa. Pa ndege nyali zofiira ndi zobiriwira zili ndi tanthauzo. Khunyu imatseka khomo. HIV payokha siyitseka: malamulo a ICAO amalola kuti munthu aunikidwe payekha, ndipo akapezeka kuti ali bwino akhoza kuvomerezedwa. Musabise kanthu kwa dokotalayo, chifukwa chobisika chikadzaululika laisensi imapita. Class 1 imagwira miyezi 12, ndiye kuyezedwaku n'kwa moyo wanu wonse wa ntchito.

Kachitatu, konzani mutu muli konkuno

Masamu, fizikisi, jogalafe ndi Chingerezi ndiwo maziko. Pa wailesi ya ndege pamayankhulidwa Chingerezi, ndipo ICAO imachiyika pa makwerero 6. Wouluka m'maiko ena afunika Level 4 kapena kuposa. Sayeza galamala ya m'kalasi ayi. Amayeza ngati mukumva munthu woyankhula mothamanga pa wailesi yaphokoso, ndiponso ngati mungafotokoze vuto ladzidzidzi momveka.

Mayeso olemba ali m'magawo awa: malamulo a zouluka, kapangidwe ka ndege ndi injini, kawerengedwe ka kulemera ndi mafuta, thupi la munthu m'mwamba, zanyengo, kupeza njira, kayendetsedwe ka ntchito, chomwe chimaulutsa ndege, ndi kayankhulidwe ka pa wailesi. Zanyengo, malamulo ndi za thupi ndi zofanana mbali zonse. Za injini, za kaulukidwe ndi za kulemera zili ndi mapepala ake a ndege ndi ake a helikopita. Ku South Africa ndi ku Ulaya kukhoza kumayambira pa 75 peresenti. Mabuku ake mukhoza kuyamba kuwerenga muli pa Dedza pompano, ndipo mwezi uliwonse womwe mwawerengera kunyumba ndi lendi yomwe simudzalipira kunja.

Kachinayi, sukulu ndi ndalama

Ambiri amakaphunzira kunja, monga ku South Africa, Kenya kapena Ethiopia. Musanasankhe, kwerani minibasi pa M1, makilomita pafupifupi 85 kukafika ku Lilongwe, mukafunse ku Malawi Civil Aviation Authority ngati laisensi ya dziko lomwe mukulingaliralo adzayilandira, komanso zomwe adzafune pobwera. Safunsa anadya phula. Funsaninso sukuluyo nambala ya chilolezo chake, ndipo muitsimikize ku bungwe loona za ndege la dziko lakelo, monga SACAA ku South Africa.

Ola limodzi pa helikopita yophunzirira limadya ndalama kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi ola la pa Cessna, kandege ka mapiko kophunzirira. Si umbombo wa masukulu. Helikopita ili ndi zitsulo zambiri zozungulira, ndipo chilichonse chili ndi maola ake oti chichotsedwe ngakhale chikuoneka chabwino. Robinson R22, yomwe ambiri amaphunzirira, imaphwasulidwa yonse n'kukonzedwanso ikakwana maola 2,200 kapena zaka 12. Ndalama imeneyo, pamodzi ndi inshulansi yokwera, imagawidwa pa ola lililonse lomwe inu mukulipira.

Mtengo womwe sukulu imalemba pa pepala umawerengera maola ochepetsetsa, pomwe ophunzira ambiri amawapitirira. Onjezanipo malo ogona, chakudya, chilolezo chophunzirira m'dzikolo, mabuku, ndi malipiro a woyesa. Kumbukiraninso kuti mudzalipira mu randi kapena dola, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira m'mabanki athu. Izi zimakhudza kuuluka kwenikweniko: wophunzira akakhala mwezi osauluka podikira ndalama, dzanja limaiwala, ndipo maola oyamba pobwerera amathera kukumbutsana. Choncho yambani pomwe ndalama za gawo lathunthu zili m'manja, koma musazipereke zonse kusukulu nthawi imodzi. Muzilipira pang'onopang'ono, chifukwa sukulu ikatsekedwa ndalama zolipiriratu sizibwerera mosavuta.

Kachisanu, laisensi yoyamba

Imatchedwa PPL, ndipo imalembedwa PPL(A) ya ndege, PPL(H) ya helikopita. Mufunika zaka 17. ICAO imafuna maola 40 mbali zonse, mwa iwo 10 muli nokha m'mwamba, ndipo 5 mwa 10 amenewo akhale a ulendo wopita kutali. Wa ndege ayende ulendo umodzi wa makilomita 270 n'kutera pa mabwalo awiri osiyana, wa helikopita makilomita 180. South Africa imafuna maola 45 pa ndege ndi 50 pa helikopita. PPL siyilola kulipidwa. Mukhoza kunyamula abale, koma osati kugwira nayo ntchito.

Pa pepala kusiyana n'kochepa. M'manja ndi nkhani ina.

Ndege yophunzirira monga Cessna 172 inapangidwa kuti izikhazikika yokha. Mukayikonza bwino n'kuchotsa manja kwa kanthawi, imapitirira ulendo. Chovuta chili pa kutera, makamaka mphepo ikamawomba cham'mbali, komanso kuzindikira nthawi yomwe mapiko akuleka kunyamula chifukwa mwakweza mphuno mopitirira muyeso. Zimenezi amazitcha stall, ndipo mphunzitsi amakuchititsani dala muli pamwamba mpaka thupi litazolowera kutsitsa mphuno m'malo moyikoka. Injini ikazima, ndegeyo imayandama, pafupifupi mamita 9 kutsogolo pa mita imodzi yotsika, ndiye mumakhala ndi mpata wosankha dambo kapena munda woti muterepo.

Helikopita simuichotsera manja. Dzanja lamanja ligwira cyclic, ndodo yopendeketsa mapiko ozungulira kuti mupite kutsogolo, kumbuyo kapena kumbali. Lamanzere ligwira collective, yokweza ndi kutsitsa. Mapazi ali pa zopondera zolamulira kapiko ka kumchira, komwe kamaletsa thupi la helikopita kuzungulira motsutsana ndi mapiko aakulu. Mukakhudza chimodzi, zinazo ziyenera kusintha nthawi yomweyo. Phunziro lomwe limathetsa mankhalu ndi hover, kuima malo amodzi m'mwamba mamita ochepa kuchoka pansi. Kuli ngati kusenza ndowa yodzaza madzi osagwira: wozolowera saganizanso, koma khosi lake likukonza mphindi iliyonse. Maola oyamba helikopita imayendayenda paliponse, ndipo wophunzira amatuluka thukuta lili kamukamu. Musataye mtima, onse amadutsa momwemo.

Injini ikazima pa helikopita, mumatsitsa collective nthawi yomweyo kuti mphepo yochokera pansi izizunguza mapiko. Ndiyo autorotation. Mumatsika mofulumira kwambiri kuposa ndege, malo oti musankhe ndi okhawo ali pafupi, ndipo mphamvu yosungidwa m'mapikomo mumayigwiritsa ntchito kamodzi kokha, pafupi ndi nthaka. Pa R22 mapiko ndi opepuka, sachedwa kutaya liwiro, moti ku America kuli lamulo lapadera, SFAR 73, lokhudza maphunziro a R22 ndi R44.

Pali phunziro lina lomwe mwana wa ku Dedza ayenera kulimvetsa kuposa anzake: kupepuka kwa mpweya pamalo okwera. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600, kapena kuti mafiti 5,250, ndipo phiri lake limafika mamita 2,198. Mabuku a ndege amawerengera kuti pa nyanja yamchere pamatentha 15°C, ndipo pamazizira madigiri awiri pa mafiti 1,000 aliwonse okwera. Ndiye kuti pa Dedza bukulo likuyembekezera pafupifupi 5°C. Masana a October patenthe 25°C, mwapitirira ndi madigiri 20, ndipo digiri iliyonse imawonjezera mafiti pafupifupi 120. Injini ndi mapiko zikumva ngati zili pa mafiti pafupifupi 7,650. Ndege idzafuna msewu wautali kuti inyamuke. Helikopita idzavutika koposa, chifukwa hover ndiyo imadya mphamvu zambiri. Katundu yemwe yanyamuka naye bwinobwino m'mawa ku Mtakataka, kumunsi kwa Khwekhwelere, akhoza kuikanika masana pa Bembeke. Masamu amenewa muzidzawachita ulendo uliwonse musanalize injini.

Kachisanu ndi chimodzi, laisensi ya ntchito

CPL ndiyo imalola kulipidwa. Mufunika zaka 18 ndi Class 1. ICAO imafuna maola 200 pa ndege, kapena 150 pa kosi yovomerezeka yosadukiza. Pa helikopita ndi 150, kapena 100 pa kosi yotereyo. Musanamizidwe ndi manambala ochepawa: South Africa imafuna 200 mbali zonse ziwiri, pomwe America imafuna 250 pa ndege ndi 150 pa helikopita. Wa ndege ayendenso ulendo wa makilomita 540 ali yekha wolamulira.

Ndalama zambiri zimathera pakati pa PPL ndi CPL, podzaza maola. Musawamwaze pozungulira bwalo limodzi. Pitani mabwalo achilendo, ulukani usiku, zolowerani kuyankhula ndi oongolera ndege a pa mabwalo otanganidwa. Ola lililonse lilembedwe mu logbook tsiku lomwelo, ndipo muzijambula masamba ake pa foni. Bukuli likatayika, umboni wa chuma chonse cha banja watayika nalo.

Pamwamba pa zonse pali ATPL, ya kapitawo wa ndege zikuluzikulu zonyamula anthu: zaka 21, maola 1,500 pa ndege kapena 1,000 pa helikopita. Ambiri amalemba mayeso ake akadali kusukulu, maolawo n'kumadzaza ali pantchito.

Kachisanu ndi chiwiri, ma rating

Laisensi imanena kuti ndinu payiloti wa mlingo wanji. Rating ndi chilolezo cholembedwa pa laisensipo chonena zomwe mungaulutse ndi nyengo yomwe mungaulukemo. Apa njira ziwirizi zimapatukananso.

Ndege zing'onozing'ono zimaikidwa m'magulu: za injini imodzi, za injini zingapo, zotera pamtunda, zotera pamadzi. Kusamuka pa Cessna kupita pa Piper ya gulu lomwelo kumafuna maphunziro ochepa. Ndege zazikulu zoyendetsedwa ndi anthu awiri, monga Q400 ndi 737, iliyonse ili ndi type rating yake, chilolezo cha mtundu umenewo wokha, chomwe kawirikawiri chimaphunziridwa pa simulator, makina a pansi oyerekezera kuulutsa ndege. Kwa wofuna ntchito ku kampani ya ndege, CPL yokha siyikwana. Afunika rating ya injini zingapo ndi instrument rating, youlukira m'mitambo, ndiye muziwerengeretu mu bajeti.

Pa helikopita, ku Ulaya ndi ku South Africa mtundu uliwonse uli ndi rating yake. Wophunzira pa R22 sangangokwera R44 ngakhale kampani yopanga ndi imodzi. Ndipo ntchito zambiri zimagwiridwa ndi ma helikopita a injini ya turbine monga Bell 206 ndi Airbus H125, omwe ola lake ndi lokwera mtengo kwambiri. Kunyamula katundu wolendewera pa chingwe ndi kuthamangitsa nyama zakutchire nazonso zili ndi maphunziro ake.

Instrument rating ndi chilolezo choulukira m'mitambo, osaona pansi, modalira zipangizo zokha. ICAO imafuna maola 50 a maulendo akutali muli wolamulira, ndi maola 40 oulukira pa zipangizo. Ife a kuno sitifunika kuuzidwa chomwe nkhungu ya June ndi July imachita: phiri lonse la Dedza limasowa, ndipo pa Bembeke magalimoto amayatsa nyali masana. Munthu akalowa mumtambo, khutu lam'kati limamunamiza, amamva ngati ali chilili pomwe ndege yapendekeka. Wosaphunzitsidwa amakhulupirira thupi lake m'malo mwa zipangizo, ndipo ngozi siyichedwa. Mtundu wonse ukukumbukira 10 June 2024, pomwe ndege ya Dornier 228 inagwa ku Chikangawa kunja kuli koipa, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Mapiri athu ndi mitambo yathu si zochitira masewera. Ma helikopita ang'onoang'ono ambiri saloledwa n'komwe kulowa m'mitambo, ndiye wa helikopita aphunzire msanga kubwerera kapena kutera pa dambo n'kudikira, ngakhale bwana ali kumbuyo akuyang'ana wotchi.

Pali rating inanso yomwe ndimalimbikitsa, ya uphunzitsi. Munthu wa maola 200 makampani samuthamangira, makamaka pa helikopita komwe a inshulansi amafuna maola ochuluka. Kuphunzitsa ena ndi njira yomwe ambiri amadzazira maola akulandira malipiro.

Kachisanu ndi chitatu, pobwera kumudzi

Laisensi iyenera kuperekedwa kapena kuvomerezedwa ndi dziko lomwe ndegeyo inalembetsedwa. Zilembo za pa thupi la ndege zimakuuzani: 7Q ndi Malawi, ZS ndi South Africa, 5Y ndi Kenya, 9J ndi Zambia. Kuti muulutse ya 7Q ndi laisensi yakunja, a ku Lilongwe ayivomereze kwa kanthawi kapena ayisinthe kukhala ya Malawi. Tengani laisensi, logbook, chiphaso cha dokotala, umboni wa Chingerezi ndi makalata a kusukulu, ndipo konzekerani kuyesedwa pa malamulo a dziko lino. Maola a ku usilikali nawonso sasanduka okha laisensi ya anthu wamba, amafunika kudutsa ku ofesi yomweyo.

Pepalalo likakhala m'sutikesi limafa. Kuti munyamule anthu, mukhale mutanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo, ndipo za pa ndege siziwerengedwa pa helikopita. Instrument rating m'maiko ambiri imayesedwanso chaka ndi chaka. Sungani ndalama ya zimenezi ya miyezi yomwe mudzakhale mukusaka ntchito.

Nanga wofuna zonse ziwiri? N'zotheka, ndipo alipo omwe ali nazo. Mayeso ena olemba sabwerezedwa, wailesi ndi mapu mumazidziwa kale, koma maola amachotsedwa pang'ono chabe. Ku Ulaya, payiloti wa ndege wofuna PPL(H) amakhululukiridwa gawo limodzi mwa magawo khumi a maola omwe anauluka ali wolamulira, osapitirira maola 6. Palinso zizolowezi zoyenera kuzulidwa. Wa ndege anazolowera kukankha ndodo kutsogolo mwamphamvu akadzidzimuka, ndipo pa Robinson kuchita zimenezo kungachititse kuti mapiko amenye mchira kapena athyoke pa tsinde. Ngati mukufunadi zonse, malizani imodzi mpaka CPL, mugwire nayo ntchito, ndipo inayo mudzailipire ndi malipiro anu.